Magetsi pa malo omanga: zimene bwana ayenera kukonza anyamata asanayambe ntchito

Chitsulo cha m'konkire cha saizi ya Y12 chimagulitsidwa chili chotalika mamita 12. Anyamata awiri akachinyamula chogona, wina kutsogolo wina kumbuyo, palibe chodetsa nkhawa. Zinthu zimasintha nyumba ikafika pa silabu yoyamba, chifukwa tsopano chitsulo chija chiyenera kuimikidwa kuti amene ali pamwamba achilandire. Yendani mumsewu wochoka pa Boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, kapena kwerani mpaka ku Namwera, muone pamene mashopu ndi nyumba zogona alendo zikumangidwa. Aliyense amafuna khomo lake liyang'ane msewu, ndipo m'mbali mwa msewu momwemo ndi momwe mumadutsa mapolo a ESCOM. Mawaya atatu a pamwamba penipeni aja alibe chokutira chilichonse, ndipo amanyamula ma volts 11,000 kapena 33,000. Mphamvu ikafika pamenepo, chitsulo sichichita kudikira kuti chigunde waya. Chikangoyandikira kwambiri, moto umalumpha wokha.

Ngozi ikachitika, mawu amene amamveka pamaliro ndi akuti mwanayo sanasamale, kapena kuti linali tsiku lake. Koma mnyamata amene walembedwa m'mawa kuti azinyamula zitsulo si amene anasankha pomanga nyumbayo. Si amene anauza dalaivala potsitsira katundu, ndipo sakanatha kupita ku ofesi ya ESCOM kukapempha kuti laini ithimitsidwe kwa maola awiri. Zonsezi zimagamulidwa iye asanafike n'komwe. N'chifukwa chake lamulo limayambira pa wolemba ntchito.

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, lomwe limayang'aniridwa ndi Unduna wa Zantchito. Limanena kuti wolemba ntchito aliyense aonetsetse kuti anthu ake ndi otetezeka: makina ndi zida zikhale zabwino, kagwiridwe ka ntchito kasaike moyo pachiswe, antchito auzidwe zoopsa zimene zilipo, aphunzitsidwe, ndiponso pakhale wowayang'anira. Zovala zodzitetezera agule ndi bwana, osati kudula pa malipiro a mwezi. Udindowu suthera pa antchito okha, umafikanso kwa wina aliyense amene angavulale chifukwa cha ntchitoyo, monga mayi wodzagulitsa mandasi nthawi ya tiyi, kapena ana odzatola zidutswa za matabwa madzulo. Mu 2019 dziko lino linavomerezanso mapangano a ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, a nambala 155 ndi 187 okhudza chitetezo pantchito. Wantchito naye ali ndi mbali yake, yotsatira malangizo ndi kusaononga zida zomuteteza, koma sangatsatire malangizo amene sanapatsidwe.

Nanga bwanayo ndani?

Kuno ku Mangochi funsoli si lophweka. Nyumba zambiri zikumangidwa ndi ndalama za ku Joni. Mwini wake ali ku Johannesburg kapena ku Durban, ntchito amaionera pa vidiyo ya WhatsApp. Ndalama amasunga ndi mchimwene wake kapena alamu. Mmisiri wamkulu anagwirizana nawo mtengo wa nyumba yonse, ndiye amadzilembera yekha madakaboyi. Wowotcherera amabwera ndi mnyamata wake, wamagetsi amabwera masiku awiri n'kusowa mpaka pulasitala ithe. Onsewa amagwiritsa ntchito chingwe chimodzi cha magetsi, koma mukafunsa kuti mwini chingwecho ndani, aliyense amaloza mnzake. Paja mbewa zikachuluka siziika masa.

Poyambira pake ndi apa: amene walemba munthu, amamuuza chochita, n'kumamulipira, ameneyo ndiye bwana wake. Kontrakitala wamkulu amene akulamulira malo onse sangasambe m'manja pa chingwe chimene aliyense akuponda, ngakhale anachibweretsa ndi wowotcherera. Ndipo mwini nyumba amene wasankha kusalemba kontrakitala, n'kumalipira yekha amisiri ndi aganyu pa sabata, wadzisandutsa yekha wolemba ntchito, kaya ali pompano kaya kunja. Ambiri sadziwa zimenezi mpaka tsiku limene abale a wovulala afika pakhomo.

Kuti timvetse chifukwa chake "muzisamala" si chitetezo, tione mmene magetsi amaphera munthu. Chimene chimapha ndi kuchuluka kwa magetsi odutsa m'thupi, ndipo safunika ambiri. Kuchulukako kumayezedwa ndi ma amp, ndipo amp imodzi ili ndi ma milliamp 1,000. Milliamp imodzi yokha munthu amaimva kunyerenyetsa. Akafika pakati pa 10 ndi 20, minofu ya dzanja imakungika, zala zimafumbata chimene zagwira, ndipo munthu amalephera kuchitaya ngakhale akufuna. Ichi ndi chimene timati wagwidwa ndi magetsi. Akapitirira 50 n'kudutsa pachifuwa, mtima ukhoza kusokonezeka kagundidwe n'kuleka kupopa magazi. Tsono fyuzi ya mupulagi yathu ya mano atatu ndi ya ma amp 13, kutanthauza ma milliamp 13,000. Buleka ya masoketi ndi yaikulu kuposa pamenepo. Ntchito ya zinthu ziwirizi ndi kuteteza waya kuti asapse. Munthu akhoza kufa buleka ili chiimire, osagwa.

Khungu louma limatchingako magetsi ndithu. Koma ndani ali ndi khungu louma pa silabu mu Okutobala ku Mangochi? Thukuta lili kamukamu, manja ali ndi daka, mapazi ali m'madzi othirira mabuloko, ena avala masilipasi, ena osavala kanthu. Thupi lonyowa chotere limatchinga pafupifupi ma ohm 1,000 okha (ohm ndi muyeso wa kutchinga magetsi), ndiye ma volts 230 a musoketi wamba amakankhiramo ma milliamp oposa 200. Magetsi omwewo amene timatchajira foni ndi okwanira kupha kangapo.

Chingwe chongoyembekezera

Anthu akamaganiza za magetsi a pa nyumba yatsopano amaganiza za mawaya a m'makoma, amene amaikidwa mwaudongo chifukwa a ESCOM asanalumikize amafuna umboni woti ntchitoyo inayendera wamagetsi wovomerezeka. Koma pa miyezi yonse yomanga, magetsi amene anthu amakhala nawo tsiku ndi tsiku ndi a chingwe chongoyembekezera, chimene palibe amachiyendera.

Tsiku lina ndinaima pa nyumba ina imene inkamangidwa chakufupi ndi nyanja, n'kuchitsatira chingwe chotere ndi maso. Chinkachokera pawindo la nyumba yoyandikana nayo. Pulagi panalibe: mawaya awiri anangowasomeka musoketi n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi, wachitatu wa earth, wopititsa pansi magetsi otayikira, anamudula chifukwa ankasowetsa mtendere. Chingwecho chinali waya wolimba wa saizi ya 2.5, woyenera kukhala m'paipi mkati mwa khoma, osati wokoka pansi. Ndinawerenga mfundo zitatu. Imodzi inali ndi tepi, ziwirizo anakulunga ndi jumbo ya shuga n'kumanga ndi malegeni. Chinadutsa pafupi ndi dilamu ya madzi, ndipo pamene pankadutsa wilibala chinali chitaphwatalala. Kumapeto kwake kunali galayinda. Nditamufunsa mnyamata amene ankadula zitsulo ngati siimugwira, anaseka n'kunena kuti, "Imangoluma pang'ono achimwene, tinaizolowera."

Kuluma kumeneko ndi uthenga woti penapake magetsi akutayikira pa chitsulo cha galayinda, ndipo akubwerera pansi kudzera mwa munthu. Lero aluma pang'ono chifukwa waima pouma. Mawa adzaima pa silabu yongothiriridwa kumene.

Apa ndi pamene udindo wa bwana umaonekera bwino kwambiri, chifukwa zofunika zake n'zodziwika ndipo n'zogulika. Magetsi ogwiritsa ntchito pomanga akonzedwe ndi wamagetsi wodziwa, kuchokera pa bokosi lotsekeka, losalowa mvula. M'bokosimo mukhale buleka ya earth leakage, ena amati RCD, ya ma milliamp 30. Kachipangizo kameneka kamayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera. Akasiyana ndi ma milliamp 30, kamadziwa kuti otsalawo apita njira ina, mwina kudzera m'thupi la munthu, ndiye kamadula sekondi isanathe. Kali ndi kabatani koyesera kolembedwa T, kamene kapitawo ayenera kudina kawirikawiri kuti aone ngati kakugwadi. Chomvetsa chisoni n'chakuti pamalo ambiri kakayamba kugwaigwa, anthu amati kakuvutitsa, n'kukalambalala ndi kawaya. Kugwa kwakeko ndiye ntchito imene kanagulidwira. Chofunika n'kupeza chida chimene chikutayitsa magetsi.

Zingwe zikhale zofewa, za mawaya atatu, zokhala ndi pulagi yeniyeni, zokolekedwa m'mwamba kutali ndi madzi ndi njira ya wilibala. Pakhale munthu mmodzi wodziwika dzina amene m'mawa uliwonse amaziyendera, pamodzi ndi madilu, magalayinda, makina owotcherera ndi pampu yotungira madzi. Chosupuka chichoke pamalopo, osati kuchiika pambali pamene wina angachitole masana. Ku Britain pa malo omanga amagwiritsa ntchito mathiransifoma achikasu otsitsa magetsi kufika pa ma volts 110, okonzedwa mwakuti munthu akakhudza waya mmodzi amalandira 55 okha. Kwathu kuno n'zosowa, koma zida za batire zayamba kupezeka, ndipo dilu ya batire ilibe chingwe choti n'kusupuka.

Pali kanthu kena kokhudza dera lathu lino. Chitsulo cha earth chokhomedwa pansi chimagwira bwino ntchito m'dothi lachinyontho. Mchenga wouma wa m'mbali mwa nyanja sudutsitsa magetsi bwino, kotero kachitsulo kokhomedwa mwamwambo chabe pa mchenga kakhoza kuoneka bwino koma kosathandiza. Kamafunika kuyezedwa ndi makina, ndipo nthawi zina pamafunika zitsulo zingapo kapena kukhoma mozama.

"Magetsi athima" si kuthimitsa

Msampha wina ndi umene tinauzolowera tonse. Magetsi akathima, wina amati tiyeni tikonze soketi ija mwachangu asanayake. Koma a ESCOM sachenjeza akamayatsa. Kuthimitsa kwenikweni ndi kugwetsa switchi yaikulu, kuitseka ndi loko, kiyi n'kukhala m'thumba la munthu amene manja ake ali pa waya, ndi kupachika chikwangwani chonena kuti wina akugwira ntchito. Loko wa pa geti ndi wotchipa, koma ndi amene amaletsa wowotcherera, yemwe sakudziwa kuti mnzake ali kudenga, kukweza switchi chifukwa makina ake asiya kulira.

Ukathimitsa uyezenso. Katesita ka sikuludalaiva kaja, kuwala kwake sikuoneka bwino padzuwa la masana, ndipo nthawi zina kamafa osadziwika. Wamagetsi wodziwa ntchito amayesa choyezera chake pamene akudziwa kuti pali moto, kenako pa waya amene akufuna kugwira, kenako n'kubwereranso poyamba paja. Mtundu wa waya nawo si woudalira. Nyumba zakale zili ndi wofiira ndi wakuda, mawaya atsopano ndi a bulawuni ndi buluu, ndipo pa nyumba imene yawonjezeredwa zipinda kangapo mumapeza mitundu yonse itasakanikirana malinga ndi chimene chinalipo m'shopu tsiku limenelo. Pa ntchito yokonzanso nyumba yakale, mnyamata asapatsidwe tchizulo kuti agobe khoma asanauzidwe mmene mawaya anadutsira.

Majenereta anachuluka kwambiri kuchokera mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa pafupifupi ma megawatt 130, dziko n'kukhala mumdima miyezi yambiri. Jenereta yolumikizidwa ku mawaya a nyumba popanda changeover switch, yomwe imalekanitsa jenereta ndi magetsi a ESCOM, imabweza magetsi ku laini ya ESCOM. Thiransifoma sisankha mbali: monga imatsitsira 11,000 kufika pa 230, imakwezanso 230 kufika pa 11,000, ndipo wogwira ntchito pa polo kutali, yemwe akudziwa kuti anathimitsa laini, ndi amene amalandira motowo. Mapanelo a sola nawo alibe switchi yothimitsira dzuwa. Akangoikidwa padenga masana, mawaya ake ali ndi moto kale, ndipo akalumikizidwa ambiri motsatizana ma volts ake amafika mazana angapo.

Tibwerere ku mawaya a pamwamba aja, chifukwa ngozi yake kawirikawiri siipereka mwayi wachiwiri. Ntchito isanayambe, bwana aime pamalopo n'kuyang'ana kumwamba. Ngati nyumba, sikafodi kapena zitsulo zidzafika kufupi ndi laini, njira yoyamba ndi kukambirana ndi a ESCOM kuti laini ithimitsidwe pa tsiku la ntchitoyo kapena isunthidwe. Zimatenga nthawi ndipo kusuntha kumafuna ndalama, n'chifukwa chake ziyenera kuyamba pulani ikadali papepala, osati konkire atasakaniza kale. Kumanga pansi penipeni pa laini ikuluikulu n'koletsedwa, ngakhale malowo munagula ndi makalata onse.

Ngati kuthimitsa sikutheka, chotsala ndi mtunda. Ku America lamulo la OSHA, bungwe loona za chitetezo pantchito, limati munthu ndi chimene wanyamula asayandikire kuposa mafiti 10, pafupifupi mamita atatu, ku laini ya ma volts osapitirira 50,000. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti chimene wanyamula. Mtunda umayezedwa kuchokera kunsonga ya chitsulo, ya lata, ya makwerero a aluminiyamu kapena ya paipi ya sikafodi ikaimikidwa, osati kuchokera pamutu pa munthu. Maso amanama ukamayang'ana waya kumwamba kuli mbee, ndiye pansi pakhale mpanda kapena chingwe chosonyeza malire, ndiponso munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kungoyang'ana basi pamene ena akukweza katundu. Zitsulo zitsitsidwe ndi kukwezedwa mbali ya nyumba imene ili kutali ndi laini, ngakhale kutakhala kozungulira. Onjezani mtunda wina pamwamba pa umenewu, chifukwa waya amafutukuka n'kulendewera kukatentha, ndipo mwera ukaomba, lata lalitali limasanduka thanga la bwato m'manja mwa munthu. Tipa yobweretsa mchenga isakweze bokosi lake pansi pa mawaya. Ikagunda, dalaivala akhale momwemo, ena onse atalikire, mpaka a ESCOM atsimikize kuti athimitsa. Mabingu akayamba m'dzinja, a padenga ndi pa sikafodi atsike.

Ntchito ya magetsi yeniyeniyo si ya aliyense amene ali ndi pulayala. Bungwe la MERA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndi limene limapereka ziphaso kwa anthu oika magetsi, ndipo bwana ali ndi ufulu, komanso udindo, wopempha kuona chiphasocho. Anyamata ambiri ophunzira kudzera ku TEVETA akufuna ntchito. Ophunzira kumene azigwira pamaso pa mmisiri wawo. Koma enawo, onyamula njerwa ndi osakaniza daka, nawo ayenera kuuzidwa zoyambira m'chilankhulo chimene amamva, Chichewa kapena Chiyao: pamene pali switchi yaikulu, mbali imene sayenera kuimika chitsulo, ndi kuti chida choluma akanene osaopa kuti aoneka waulesi kapena achotsedwa. Mphindi zisanu m'mawa zimakwana, ndipo zibwerezedwe chifukwa aganyu amasinthasintha.

Zovala ndazisiyira kumapeto dala. Mabwana ambiri akagula zipewa zolimba, maovololo ndi magambuti amaona ngati amaliza, chifukwa izi ndi zimene zimaoneka pa chithunzi. N'zofunika ndithu, koma gambuti wa pamsika sanayezedwe kuti atchinge magetsi, ndipo akabooka ndi msomali n'kulowa madzi palibe chimene akuchita. Magolovesi a chikopa kapena a nsalu akanyowa amadutsitsa moto. Magolovesi enieni a amagetsi ndi a labala yapadera, olembedwa mphamvu imene angapirire. Pa ma volts 11,000, palibe nsapato ya m'shopu imene ingapulumutse munthu. Ndalama zachitetezo, kuyambira bokosi la magetsi mpaka tsiku lodikira ESCOM, zilowe mu mtengo wa ntchito pachiyambi. Mwini nyumba amene wasankha kontrakitala wotchipitsitsa adzifunse kuti chimene chachotsedwa kuti mtengo utsike n'chiyani.

Ngozi ikachitikabe, mphindi zoyamba zimadalira zimene anthu anauzidwa kale. Wogwidwa ndi magetsi sakhudzidwa ndi manja, apo ayi ovulala akhala awiri. Thamangirani ku switchi. Ngati ili kutali ndipo ndi magetsi a musoketi, mukankheni kapena chotsani chingwecho ndi thabwa louma mutaima pouma. Ngati ndi laini ya pamwamba, thabwa silithandiza, ndipo nthaka yozungulira waya wogwa ikhoza kukhala ndi moto. Talikirani, imbirani a ESCOM. Munthu akamasuka koma sakupuma, wina ayambe kumusindikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka mpaka thandizo lifike. Wokomoka samwetsedwa kanthu, kaya madzi kaya mkaka. Pa malo omanga a ku Makanjira kapena ku Chembe, kumene chipatala chachikulu cha pa Boma chili kutali, bwana adziwiretu chipatala chapafupi ndi galimoto imene inganyamule munthu.

Ngozi yaikulu iyenera kukanenedwa ku ofesi ya zantchito, ndipo lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wantchito wovulala pantchito, kapena banja la womwalira, alandire chipukuta misozi kuchokera kwa wolemba ntchito. Mgwirizano wa pakamwa nawo ndi mgwirizano, koma mikangano imabuka pa yemwe anali wantchito weniweni ndi yemwe anali waganyu wa tsiku limodzi. Kabuku kolembamo mayina, masiku ndi malipiro kamathandiza mbali zonse ziwiri. Kupereka thumba la ufa ndi bokosi pamaliro si chipukuta misozi chimene lamulo likunena.

Amene wagwidwa n'kudzuka yekha, akuseka kuti palibe kanthu, apitebe kuchipatala tsiku lomwelo. Kabala ka pachikhatho kamaoneka kakang'ono pamene mnofu wamkati wapsa, ndipo mtima uyenera kupimidwa. Tsiku limenelo alipidwe lonse. Galayinda imene yamugwira isapatsidwe mnzake kuti amalizitse zitsulo zotsala. Kapitawo aitsekere m'sitolo pamodzi ndi chingwe chake mpaka wamagetsi adzazitsegule.